Machelo Atayamba Kuimba Nyimbo za Kwaya

Pa 29 Okutobala 1869, mumzinda wa Linz ku Austria, kwaya inaimba koyamba nyimbo yaifupi ya Chilatini yotchedwa Locus iste. Anaipeka ndi Anton Bruckner, mwana wa mphunzitsi wa m'mudzi wa Ansfelden. Bambo ake atamwalira mu 1837, mnyamatayu anakakulira m'manja mwa ansembe a ku St. Florian, kumene ankaimba m'kwaya ya ana. Panthawi imene ankapeka nyimboyi n'kuti Episkopi Franz Joseph Rudigier ali kalikiliki kumanga tchalitchi chachikulu chatsopano ku Linz. Ntchitoyo inayamba mu 1862 ndipo inadzatha mu 1924, episkopiyo ndi Bruckner yemwe atagona kale. Kachigawo koyamba ka tchalitchicho katamangidwa, Bruckner anakalembera nyimbo yonena za kupatulika kwa nyumba ya Mulungu. Ndi ya mawu anayi, soprano, alto, tenala ndi besi, popanda limba kapena choimbira chilichonse, ndipo imatenga mphindi ngati zitatu basi.

Lero nyimbo yomweyi imamveka m'masukulu a zoimbaimba, pamaliro ndi pamisonkhano ya oimba, ikuimbidwa ndi machelo anayi, pakamwa pa aliyense pali potseka. Bruckner sanalembepo zoterozo. Anthu ena ndiwo anatenga manotsi a kwaya n'kuwagawira zoimbira, ndipo anachita chimodzimodzi ndi nyimbo za Mendelssohn, Rheinberger, Fauré ndi Rachmaninoff, apeki a nyengo ija imene akatswiri amaitcha Romantic, kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 mpaka cha ku nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Mwambowu sunabadwire m'tchalitchi. Unadzera m'nyumba za zisudzo, m'zipinda za aphunzitsi ndi pamaliro.

Chelo ndi ya banja la vayolini, koma ndi yaikulu moti woimba amakhala pampando n'kuiyedzamiritsa pachifuwa, mawondo ataigwira mbali zonse. Ili ndi nsambo zinayi, C, G, D ndi A, ndipo imalira ikamakwechedwa ndi uta, monga amachitira woimba kaligo ndi nsambo yake imodzi ija. Nsambo ya C imatsika kupitirira pamene abambo ambiri oimba besi amalekezera. Woimba akakweza dzanja pa nsambo ya A mpaka kumtunda, amafika m'dera la soprano. Vayolini siingatsike chotero, ndipo besi yaikulu yoimba choimirira ija siimveka bwino ikakwera. Choncho chelo ndi imene ingathe kuyenda mtunda wonse wa kwaya, kuchokera kwa bambo wa liwu lakuya kufika kwa mtsikana wa liwu lakuthwa, mtundu wa liwu uli umodzimodzi.

M'zaka za m'ma 1700 chelo inali wantchito chabe m'tchalitchi. Inkatsatira dzanja lamanzere la woimba limba, kulimbitsa besi kuti kwaya isaterereke. Zinthu zingapo zinaimasula. Ku Paris, François Tourte anakonza uta wamakono cha m'ma 1780, uta umene umatha kukoka liwu limodzi kwa nthawi yaitali osafooka ndiponso kulikuza pang'onopang'ono. Jean-Louis Duport analemba buku lolongosola kaikidwe ka zala, limene aphunzitsi anatsatira kwa mibadwo. Pambuyo pake Adrien-François Servais wa ku Belgium anatchukitsa kamwendo kokhazikira chelo pansi, mwakuti thupi la woimba linapumula ku ntchito yoipanikiza ndi miyendo. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1800, chelo inali itayamba kutsogolera nyimbo.

Amene anayamba kumva kuti machelo angapo pamodzi amamveka ngati anthu opemphera anali apeki a opera, zisudzo zoimba zija. Mu 1829 Rossini anatsegula Guillaume Tell ndi machelo asanu, iliyonse ndi mzere wake. Mu 1842 ku Milan, Verdi anaonetsa Nabucco, ndipo pamene Zaccaria, mkulu wa ansembe wa Ayuda ali ku ukapolo, akupemphera yekha, amene amamuperekeza ndi machelo asanu ndi imodzi. Mendelssohn, mu Elijah wake wa mu 1846 ku Birmingham, anapatsa machelo udindo wolira pamodzi ndi mneneri pamene watopa m'chipululu n'kupempha imfa. Brahms anachita chinthu cholimba mtima kwambiri m'nyimbo yake ya maliro ya Chijeremani, imene inamveka ku Bremen Lachisanu Loyera mu 1868: m'chigawo choyamba chonse anakhazika mavayolini chete, n'kusiya maviyola ndi machelo ogawikana kuti ayale mphasa ya kwaya. César Franck, polemba Panis angelicus mu 1872, anaika chelo pafupi ndi woimba tenala. Ndipo Requiem ya Gabriel Fauré, imene inaimbidwa koyamba m'tchalitchi cha Madeleine ku Paris mu Januwale 1888, inalibe gulu la mavayolini. Inali ndi maviyola ndi machelo, vayolini imodzi yokha n'kudzatulukira pa Sanctus. Makutu a anthu a ku Ulaya anazolowera kuti liwu lakuya la nsambo ndi liwu la pemphero ndi la chisoni.

Mpingo wokha unkayenda njira ina, yothawa zoimbira. Ansembe ambiri a ku Germany ndi Austria ankadandaula kuti Misa yasanduka chisudzo, malipenga ndi ng'oma zikuphimba mawu opatulika. Mu 1868 wansembe Franz Xaver Witt anayambitsa bungwe la Cecilia Woyera, lolimbikitsa kubwerera ku maimbidwe a Palestrina ndi nyimbo za amonke akale, mawu a anthu okhaokha. Bruckner sanali munthu wa bungwelo ndi mtima wonse, komabe mu 1879 analembera Ignaz Traumihler, wotsogolera kwaya ku St. Florian, nyimbo ya Os justi, m'mene simupezeka chizindikiro ngakhale chimodzi chokweza kapena kutsitsa noti. Mu 1903 Papa Pius X anatulutsa lamulo la nyimbo za m'tchalitchi loika liwu la munthu patsogolo, lololeza limba, koma loletsa piyano ndi ng'oma. Kum'mawa, mpingo wa Orthodox wa ku Russia sulola choimbira chilichonse pamapemphero mpaka lero.

Malamulo amenewa ndi amene anakonzera machelo chakudya, ngakhale kuti amene anawakhazikitsa sankaganiza za machelo. Wopeka akauzidwa kuti alembe za mawu okha, alibe pobisala. Mzere uliwonse uyenera kuimbika ndi munthu wopuma mpweya, usalumphe mopitirira, ukhale ndi poyambira ndi potherapo, ndipo mizere inayi, isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu iyenera kudzichirikiza yokha. Nyimbo yotere ndi imene choimbira cha uta chimafuna. Nyimbo ya piyano ikasamutsidwira ku machelo, wokonza amavutika kudula ndi kumata. Motet ya Bruckner, nyimbo yaifupi ya kwaya monga Locus iste, imangofunika kugawa: uyu atenge soprano, uyu alto, awa tenala ndi besi.

Kusamutsa nyimbo kunali chizolowezi cha nthawiyo. Kunalibe wailesi kapena galamafoni, ndiye nyimbo inkafika m'nyumba za anthu kudzera pa pepala, itakonzedwera choimbira chimene banjalo linali nacho. Nyimbo ya Schubert ya mu 1825 imene dziko lonse limaitcha Ave Maria inali pemphero la mtsikana wa m'ndakatulo ya Walter Scott, ndipo mawu a Chilatini anachita kuikidwamo pambuyo pake. Gounod anayala nyimbo yake pamwamba pa ya Bach ya zaka zoposa 100 m'mbuyomo. Max Bruch, Mkhristu wa Chipulotesitanti, anatenga pemphero la Ayuda la usiku wa Tsiku la Chitetezo, Kol Nidrei, n'kulipereka kwa chelo imodzi ndi okestra mu 1880. Panalibe amene ankaona zimenezi ngati kuba.

Koma gulu la machelo okhaokha linakulira m'kalasi. Mphunzitsi wa chelo amakhala ndi ophunzira angapo, onse a choimbira chimodzi, ndipo amafuna kuti aphunzire kumvetserana. Oimba vayolini anayi akakumana amasowa besi. Oimba chelo anayi akakumana sasowa kanthu. Choncho aphunzitsi otchuka a ku Germany anayamba kulembera ana awo. Georg Goltermann wa ku Frankfurt analemba Religioso ya machelo anayi. Friedrich Grützmacher wa ku Dresden analemba nyimbo yopatulira, nayonso ya machelo anayi. Wophunzira wake Wilhelm Fitzenhagen, amene anakaphunzitsa ku Moscow ndipo Tchaikovsky anamulembera nyimbo, anasiya Ave Maria ya machelo anayi. David Popper, wobadwira ku Prague koma wophunzitsa ku Budapest, analemba Requiem ya machelo atatu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890 pokumbukira mnzake Daniel Rahter, wosindikiza nyimbo zake. Taonani maina a nyimbozi. Palibe mwa izo imene inali ya kwaya poyamba, koma zonse zinkatsanzira kwaya, mpaka kubwereka maina a mapemphero. Oimba chelo anali atadziwa kale kuti akakhala pamodzi amamveka ngati mpingo.

Amene anafikitsa zimenezi pachimake ndi Julius Klengel wa ku Leipzig. Analowa m'okestra ya Gewandhaus ali ndi zaka 15, anakhala mtsogoleri wa machelo ake kuyambira 1881 mpaka 1924, ndipo m'manja mwake munadutsa Emanuel Feuermann, Gregor Piatigorsky ndi Guilhermina Suggia. Mu 1920 analemba Hymnus ya machelo 12, iliyonse ndi mzere wake. Imayamba ndi liwu limodzi pansi penipeni, ena n'kumalowa mmodzimmodzi mpaka chipinda chonse kudzaza. Nyimboyi inaimbidwa mu 1922 pamaliro a Arthur Nikisch, wotsogolera okestra ya Gewandhaus ndi ya Berlin, yemwenso anatsogolera kuimbidwa koyamba kwa symphony ya 7 ya Bruckner mu 1884, nyimbo imene inachititsa kuti dziko liyambe kumulemekeza mkulu wa ku Ansfelden uja. Pambuyo pa maliro, Hymnus inakhala m'kabati kwa zaka zambiri, chifukwa kusonkhanitsa akatswiri a chelo 12 malo amodzi sichinali chinthu chapafupi. Kutali ku Brazil, Heitor Villa-Lobos, amene nayenso anali woimba chelo, analembera gulu la machelo Bachianas Brasileiras yoyamba mu 1930, ndipo mu yachisanu anaika mayi woimba soprano pamwamba pa machelo.

Chaka chosintha zinthu chinali 1972. Wailesi ya ku Austria mumzinda wa Salzburg inapempha oimba chelo a Berlin Philharmonic kuti ajambule Hymnus ya Klengel. Anali 12 ndendende. Atamva mmene zinamvekera, motsogozedwa ndi mmodzi wa iwo, Rudolf Weinsheimer, anaganiza zopitiriza monga gulu lokhazikika, ndipo gululo lilipobe. Vuto lawo loyamba linali losavuta kulimvetsa: nyimbo imodzi siidzaza madzulo onse. Anapempha apeki amoyo monga Boris Blacher kuti awalembere, n'kuyambanso kusamutsa nyimbo za ena. Magulu enanso anabadwa m'maiko osiyanasiyana, onse ndi njala yomweyo, ndipo nkhokwe imene inali pafupi inali ya kwaya. Mu 1998 oimba chelo opitirira 1,000 anasonkhana ku Kobe, Japan, kukumbukira anthu amene anafa pa chivomezi cha mu 1995. Msonkhano wotere, wophatikiza akatswiri ndi ongoyamba kumene, umafuna nyimbo yoyenda pang'onopang'ono, ya mizere yoimbika, imene aliyense angapezemo malo ake.

Tsono ntchito yeniyeni ya wokonza ili pati, ngati nkhani ndi kungogawa mizere? Tiyeni tiyang'ane Locus iste ili patebulo. Bruckner anailemba mu kiyi ya C. Akaisiya momwemo, woimba chelo yoyamba ayenera kukhala kumtunda kwa nsambo ya A pafupifupi nyimbo yonse, chala chachikulu chitagona pa nsambo, malo amene kuphonya kwa kachigawo kochepa ka sentimita kumamveka kwa aliyense. Katswiri amatha, ndipo liwu limatuluka lowala ndi lolimba, koma limakhala ndi kulimbikira kumene soprano wabwino sasonyeza. Akatsitsa nyimbo yonse kuchoka pa do wina kufika pa do wam'munsi, besi imagwera kunja kwa nsambo ya C, ndipo mawu apakati amathithikana. Mawu akuya akayandikana kwambiri amasokonezana, khutu silithanso kuwasiyanitsa, n'kungomva kung'ung'udza. N'chifukwa chake okonza ambiri amatsitsa nyimbo ndi masitepe ochepa chabe, n'kusankha kiyi imene nsambo zosagwidwa zimalira nawo, monga G, kuti thupi lonse la chelo linjenjemere. Ena amaika oimba awiri kapena atatu pa mzere umodzi. Zikatero wina amatha kutembenuza uta mnzake akukokabe, liwu osaduka, monga amachitira oimba kwaya popuma mosinthana.

Pali malo awiri m'nyimboyi amene amaulula ngati oimba aimvetsa. Pakati pake besi imakhala chete, n'kutsala mawu atatu apamwamba akuimba motsitsa kwambiri, tenala akutsetsereka pansi pang'onopang'ono ndi timasitepe tating'ono. Woimba chelo wazolowera kugwedeza chala pa nsambo kuti liwu likome. Akachita zimenezo apa, ndi anzake awiri nawonso akugwedeza aliyense mwa liwiro lake, mgwirizano wa mawu umachita chimbuuzi. Afunika kuimitsa dzanja, kukoka uta mopepuka, n'kusakasaka pamene mawu atatuwo akhazikika osagundana. Chelo ilibe timipiringidzo ta gitala kapena makiyi a piyano, choncho ili ndi ufulu wa kwaya wokankhira noti pang'ono mpaka italowa bwino mwa inzake. Malo achiwiri ali chakumapeto, pamene Bruckner analemba bata: aliyense akhale chete kwa kanthawi asanamalize. Iye ankadziwa matchalitchi a miyala, m'mene liwu limapitirira kuyendayenda oimba atatseka kale pakamwa. Oimba chelo ambiri amachita mantha ndi batalo n'kulifupikitsa. Oyenera amasiya mauta ali m'mwamba, osasuntha, mpaka nthawi yonse itakwana.

Nyimbo zina zili ndi mavuto akeake. Mendelssohn analemba motet ya mawu 8 yochokera pa Salimo 91 mu 1844, mfumu Friedrich Wilhelm IV ya ku Prussia itapulumuka kwa munthu amene anafuna kuiwombera, ndipo kenako anailowetsa mu Elijah. Kukoma kwake kuli pa kuyankhana kwa amayi anayi ndi abambo anayi. Pa machelo onse ndi abambo, titero kunena kwake, ndiye wokonza ayenera kupanga kusiyanako ndi njira zina: gulu lina kumtunda kwa nsambo zoonda, lina pa nsambo zonenepa, kapena kuwakhazika motalikirana. Abendlied ya Josef Rheinberger wa ku Vaduz, imene anayamba kuilemba mu 1855 ali ndi zaka 15, yochokera pa nkhani ya ophunzira a ku Emau, ndi ya mawu 6 olowa motsatizana, ndipo imakhala bwino kwambiri pa machelo chifukwa mzere uliwonse uli ndi nthawi yake yomveka. Rachmaninoff ndiye amapereka mutu waukulu. M'nyimbo zake za mapemphero a usiku wonse za mu 1915, pamapeto pa nyimbo ya Simeoni, oimba besi amatsika mpaka pa B flat wapansi, sitepe imodzi kunsi kwa nsambo ya C. Apa munthu waposa choimbira. Woimba chelo yomaliza ayenera kumasula nsambo yake kuti itsike, kapena nyimbo yonse ikwezedwe, kapena aitane besi yaikulu.

Chimene sichisamutsika ndi mawu. Pali oimba kwaya amene amanena kuti motet yopanda mawu yasanduka chokometsera chabe, ndipo ine ndikuona kuti dandaulo lawo lili ndi maziko. Bruckner anali munthu wopemphera kwambiri, ndipo paliponse pamene nyimbo yake ikukwera, kutsika kapena kuima, ikutsatira tanthauzo la mawu a Chilatini. Ndiponso mawu ali ndi ntchito ina yomveka ndi khutu: zilembo monga t, k ndi s zimadula liwu, n'kupatsa nyimbo mafupa. Noti imodzi ikabwerezedwa kanayi pa maphatikizo anayi osiyana, kwa woimba ndi chiganizo. Pa chelo, ngati woimba sakudziwa chimene chinali pamenepo, ndi noti imodzi yobwerezedwa kanayi. Okonza osamala amalemba mawu a nyimbo pansi pa manotsi a chelo, ngakhale palibe amene adzawatchule, kuti uta utembenuke pamene phatikizo likusintha, ulemere pa phatikizo lolemera, upume pamene woimba akanapuma. Okonza osasamala amawonjeza zawo: kukodola nsambo ndi chala, kubwereza mzere wapamwamba kumtunda, kuikamo timaluwa toti chelo ionetse luso. Kumeneko ndi kuwononga. Nyimbozi zinalembedwa ndi anthu amene anadzimana zokongoletsa mwadala.

Masiku ano mwambowu wafalikira kuposa kale pa chifukwa cha malamulo ndi makina. M'maiko ambiri a ku Ulaya umwini wa nyimbo umatha pakapita zaka 70 wopeka atamwalira. Bruckner anamwalira mu 1896 n'kuikidwa kunsi kwa limba la ku St. Florian, Rheinberger mu 1901, Fauré mu 1924, choncho aliyense ali ndi ufulu wokonza nyimbo zawo. Nkhokwe za pa intaneti monga CPDL, imene inayamba mu 1998, ndi IMSLP ya mu 2006, zimapereka manotsi kwaulere, ndipo mphunzitsi wa ana asanu ndi mmodzi akhoza kutsitsa Abendlied madzulo n'kuigawa m'mawa. Palinso oimba amene amajambula mizere yonse okha, umodzi pamwamba pa unzake, munthu mmodzi n'kukhala kwaya yathunthu. Zambiri mwa zokonzedwazi ndi zapakatikati, zina n'zabwino zedi, ndipo kusiyana kwake kumagona pa chinthu chija chimodzi, ngati wokonza ndi oimba anayamba amvetsa nyimboyo monga pemphero loimbidwa ndi pakamwa.

Machelo sangalowe m'malo mwa kwaya pa Misa, ndipo sayenera kuyesa. Malo awo ndi pamene anthu a zinenero ndi zikhulupiriro zosiyana akhala pamodzi, kapena pamene chisoni chatseka kukhosi moti palibe angaimbe, monga zinalili pamaliro a Nikisch ndi ku Kobe. Inu amene mumaimba m'kwaya ndipo mumadziwa kugwira alto kapena tenala anzanu akukoka kwina, muli ndi khutu loyenera kuweruza ntchito imeneyi. Pezani Locus iste yoimbidwa ndi kwaya, muimvetsere kawiri, kenako mupeze ya machelo. Tsatirani mzere wanu womwe mumaimba, ndipo mudzadziwa msanga ngati woimba cheloyo anawerenga mawu asanagwire uta.